Mayeso Olowera Sukulu ya Udokotala ku Britain: Mmene Ndinakonzekera Popanda Kulipira Kosi

Kodi mungawerenge ndime yaitali ya Chingelezi n'kuyankha mafunso 4 okhudza ndimeyo, zonsezi m'mphindi 2 zokha? Nanga mutangomaliza n'kubwera ina, kenako inanso, mpaka ndime 11? Umu ndi mmene mayeso a UCAT amayambira. Wachinyamata amene akufuna kuphunzira udokotala ku Britain ayenera kudutsa pa mayeso amenewa, ndipo amaloledwa kulemba kamodzi kokha pa chaka. Zikavuta, kaya n'chifukwa cha mantha kaya kusakonzeka, ndiye kuti mpaka chaka chamawa.

Ine ndinabadwira ku Blantyre, ndipo ndinabwera ku Leeds ndili ndi zaka 11, kutsatira mayi anga omwe ndi namwino. Ndinalemba UCAT mu August 2025, pa tchuthi cha pakati pa chaka choyamba ndi chachiwiri cha A-level. Chiyambire nthawi imeneyo, makolo ndi achinyamata anzanga a Chimalawi akhala akundifunsa funso limodzi pa magulu a WhatsApp: "Unalipira kosi iti, ndipo inali ndalama zingati?" Ndikawauza kuti sindinalipire kosi iliyonse, ena amaganiza kuti ndikuwabisira. Choncho ndaona kuti ndibwino ndifotokoze zonse bwinobwino.

Kodi UCAT ndi mayeso otani?

Mayesowa anayamba mu 2006 akutchedwa UKCAT, ndipo dzinali linasintha mu 2019. Kale mayunivesite ena, monga Oxford, Cambridge, Imperial College London ndi UCL, ankalembetsa mayeso ena otchedwa BMAT, omwe ankafunsa za sayansi ndi masamu komanso kulembetsa chimangirizo. BMAT inalembedwa komaliza mu 2023. Lero pafupifupi sukulu zonse za udokotala ku Britain, kuphatikizapo zambiri za udokotala wa mano, zimafuna UCAT kwa ophunzira ochokera ku sekondale.

Mayesowa amalembedwa pa kompyuta, ku malo olembera mayeso a kampani ya Pearson VUE, kuyambira mu July mpaka chakumapeto kwa September. Tsiku umasankha wekha. Chaka chimene ndinalemba ine panali magawo 4. Gawo la Verbal Reasoning, lomwe ndi lowerenga ndime lija, linali ndi mafunso 44 a mphindi 22. La Decision Making, loyesa kaganizidwe, linali ndi mafunso 35 a mphindi 37. La Quantitative Reasoning, lomwe ndi la masamu, linali ndi mafunso 36 a mphindi 26. Lomaliza, Situational Judgement, loona mmene ungachitire zinthu zikafika povuta kuchipatala kapena kusukulu, linali ndi mafunso 69 a mphindi 26. Mukawonkhetsa mupeza mafunso 184 m'mphindi 111.

Magawo atatu oyambawo, lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 300 mpaka 900, ndiye kuti onse pamodzi ndi pakati pa 900 ndi 2700. Gawo lomaliza lilibe malikisi otere. Amangokuika m'gulu, kuyambira Band 1, yomwe ndi yapamwamba, mpaka Band 4.

Chenjezo limodzi kwa amene mumakonda kubwereka mabuku kwa akuluakulu amene analemba kale: mpaka 2024 panali gawo lachisanu lotchedwa Abstract Reasoning, la tizithunzi, ndipo malikisi onse ankafika 3600. Gawoli linachotsedwa mu 2025. Mabuku ambiri akale ndi mavidiyo a pa YouTube akadali nalo, choncho muziona kaye chaka chimene anatuluka.

Mayeso osalowezeka

Ambirife tinakula tikudziwa njira imodzi yokhozera mayeso: kulemba manotsi, kuloweza, n'kuchezera usiku wonse. Asuweni anga kumudzi amasimba za kuviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere pokonzekera MSCE. Njira imeneyo yathandiza anthu ambiri ndithu. Koma pa UCAT palibe choti uloweze. Safunsa dzina la fupa ngakhale limodzi. Safunsa za maselo kapena za mankhwala. Masamu ake ndi a mlingo wa GCSE: mapelesenti, kugawa, liwiro, kuwerenga matebulo ndi magalafu.

Chovuta chake ndi nthawi. Pa gawo lowerenga uli ndi masekondi 30 pa funso lililonse. Pa masamu, masekondi pafupifupi 43. Pa gawo lomaliza, pafupifupi 23. Wophunzira wanzeru atapatsidwa tsiku lonse akhoza kukhoza mafunso ambiri. Mayesowa akufuna aone ngati ungaganize molondola wotchi ikuthamanga, ndiponso ngati ungadziwe nthawi yosiya funso lovuta n'kupita kutsogolo.

Nditazindikira zimenezi, nkhani ya kosi inayamba kuoneka mwina. Mphunzitsi akhoza kukufotokozera mitundu ya mafunso tsiku limodzi. Koma liwiro sangakupatse. Limabwera ukamayeserera wekha tsiku ndi tsiku, ngati mmene munthu amaphunzirira kupalasa njinga.

Nkhani ya ndalama

Ukangolemba mawu akuti UCAT pa foni kamodzi, malonda amakutsata paliponse: pa Instagram, pa TikTok, pa YouTube. Makosi ena ndi a mapaundi mazanamazana, ndipo aphunzitsi apadera amalipiritsa pa ola. Onse amalankhula ngati kuti wosalipira walephera kale.

Mayi anga ataona zimenezi anandiuza kuti, "Mwanangu, ndiwonjezera mashifiti a usiku mwezi uno kuti ulipire. Sindikufuna udzanene kuti tinakumana." Ndinkadziwa kumene ndalama zawo zimapita: lendi, magetsi, fizi ya ana awiri a malemu azakhali, ndi mankhwala a agogo ku Thyolo. Ndinawayankha kuti, "Amayi, tiyeni tione kaye zaulerezi. Zikandikanika ndikuuzani."

Bungwe limene limayendetsa mayesowa limanena poyera kuti siligwirizana ndi kampani iliyonse yogulitsa makosi, ndipo limalangiza ophunzira kugwiritsa ntchito zinthu zaulere zimene lili nazo pa webusaiti yake. Ndalama imene sindikanaithawa inali yolembetsera basi: mapaundi 70 kwa olembera ku Britain, pamene olembera kunja ankalipira mapaundi 115. Ngakhale imeneyi ilinso ndi basale kwa ana ochokera m'mabanja opeza movutikira ku Britain konkuno, monga amene amalandira chakudya chaulere kusukulu. Umangofunika kupempha nthawi ilipo ndi kutumiza umboni. Amene ali ndi vuto lodziwika, monga dyslexia, akhozanso kupempha nthawi yowonjezera.

Sindikunena kuti zolipira zonse n'zachabe. Anzanga ena analipira mawebusaiti okhala ndi mafunso ambirimbiri kwa mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo anathandizika. Koma musalole kuti kholo lanu likongole ndalama inu musanatsegule n'komwe zaulere.

Zimene ndinagwiritsa ntchito

Choyamba chinali webusaiti ya UCAT yeniyeniyo. Pali maphunziro ofotokoza gawo lililonse, nkhokwe za mafunso zokhala ndi mayankho ofotokozedwa, ndiponso mayeso athunthu 4 oyeserera, ooneka chimodzimodzi ndi enieniwo. Mayeso 4 amenewa ndinawasunga ngati mbewu. Sindinawakhudze mpaka masabata omaliza.

Chachiwiri chinali laibulale ya m'dera lathu. Khadi lake ndi laulere, ndipo makompyuta ake ali ndi sikirini yaikulu, mausi, ndi kiyibodi yokhala ndi mabatani a manambala kudzanja lamanja. Zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma m'chipinda cha mayeso simuloledwa kakyuleta yanu. Mumagwiritsa ntchito kakyuleta yapa sikirini, ndipo kuidina ndi mausi kumadya masekondi. Amene anazolowera mabatani a manambala amathamanga. Palinso njira zachidule: Alt ndi N kupita ku funso lotsatira, Alt ndi P kubwerera, Alt ndi C kutsegula kakyuleta, Alt ndi F kuika chizindikiro pa funso loti udzalionenso. Zala ziyenera kuzolowera zimenezi mpaka zizichita zokha.

N'chifukwa chake ndimauza anzanga kuti foni yokha siikwanira. Foni ndinkaigwiritsa ntchito m'basi: kuwerenga nkhani za BBC kapena The Guardian n'kudzifunsa kuti mfundo yaikulu inali iti, kapena kuchita masamu a m'mutu. Koma kuyeserera kwenikweni kunkachitika nditakhala pampando, pa kompyuta, wotchi ikuyenda.

Chachitatu chinali kabuku ka bungwe la General Medical Council, lomwe limayang'anira madokotala ku Britain, kotchedwa Good medical practice. Ndi kaulere pa intaneti, ndipo kamafotokoza khalidwe loyenera dokotala. Bungweli lilinso ndi malangizo ena olembera ophunzira udokotala.

Chachinayi chinali kope wamba. Funso lililonse limene silinayende ndinkalilemba m'menemo pamodzi ndi chifukwa chake: kodi sindinamve funso, kodi ndinapupuluma, kapena nthawi inatha? Pakutha pa sabata kopelo linkandiuza lokha pamene ndiyenera kulimbikira.

Mmene ndinagawira masabata 7

Masabata awiri oyamba sindinagwiritse ntchito wotchi. Ndinkangophunzira mitundu ya mafunso ndi kuwerenga mafotokozedwe a mayankho, ngakhale a mafunso amene ndakhoza, chifukwa nthawi zina pamakhala njira yachidule kuposa imene wadzera. Masabata atatu otsatira ndinkachita gawo limodzi kapena awiri pa tsiku, ndi nthawi yake yeniyeni. Masabata awiri omaliza ndinalemba mayeso athunthu aja, amodzi pa masiku atatu alionse, pa ola lomwelo limene ndinasankha kudzalemba enieniwo. Tsiku lotsatira ndinkalithera pa kuunika mayankho.

Sindinkapitirira maola atatu pa tsiku, ndipo Lamlungu ndinkapuma. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ubongo wotopa umachedwa, ndipo pa mayeso awa kuchedwa ndiye kulephera. Kuchezera usiku kulibe phindu pano.

Kawiri pa sabata ndinkakumana ndi mnzanga wa kusukulu amene ankakonzekeranso. Aliyense ankabweretsa mafunso 5 amene amusokoneza, n'kumafotokozerana. Ukayesa kufotokozera mnzako m'pamene umadziwa ngati wamvetsadi kapena unangolotera.

Misampha ya gawo lililonse

Pa gawo lowerenga, mafunso ena amafuna usankhe ngati chiganizo chili choona, chabodza, kapena ngati ndimeyo siikunena. Tiyerekeze ndime ikuti, m'mudzi wina anagawa maneti a udzudzu mu January, ndipo pofika June odwala malungo anachepa. Ndiyeno funso likuti: maneti ndi amene anachepetsa malungo. Iwe ukudziwa kuti maneti amateteza, ndiye mtima umathamangira kuti n'zoona. Koma ndimeyo sinanene chifukwa chake. Mwina mvula inangosiya. Yankho ndi lakuti sitingadziwe. Lamulo lake n'lakuti zimene ukudziwa kale uzisiye panja, uyankhe zimene zalembedwa basi. Kwa ife amene kunyumba timalankhula Chichewa, gawoli limaopsa, koma chinsinsi chake si kudziwa mawu ovuta a Chingelezi. Ine ndinkawerenga funso kaye, n'kusaka dzina, chaka kapena mawu ake m'ndimemo, osati kuwerenga liwu lililonse.

Pa Decision Making pamakhala mafunso a mtundu uwu: anamwino onse a m'wodi iyi amavala zobiriwira, ndipo ena ovala zobiriwira amagwira usiku, kodi ndiye kuti anamwino ena a m'wodi iyi amagwira usiku? Zikumveka ngati eya, koma ayi, sizikukakamiza. Ovala zobiriwira ogwira usikuwo akhoza kukhala anthu ena. Amakupatsa cholembera ndi kabuku kapulasitiki kolembapo, ndipo kujambula timizere tozungulira kumathandiza kuposa kusunga zonse m'mutu.

Pa masamu, kakyuleta ndi yomaliza. Mtengo ukakwera kuchoka pa mapaundi 40 kufika pa 46, uyenera kuona msanga kuti 4 ndi 10 pelesenti, 2 ndi 5 pelesenti, ndiye wakwera ndi 15 pelesenti. Ine ndinkayeserera pogula zinthu ndi amayi, ndiponso powawerengera ndalama zotumiza kumudzi.

Pa magawo onse, kumbukirani kuti sachotsa malikisi ukalakwa, ndipo funso lovuta silipereka zambiri chifukwa choti ndi lovuta. Likakukanika, sankha yankho lililonse, ika chizindikiro, pita. Kusiya funso losayankhidwa n'kutaya mwayi waulere.

Pamene ulemu wathu umayesedwa

Gawo lomaliza ndi limene linandipatsa zoganiza zambiri. Amakupatsa kankhani. Mwachitsanzo, ndiwe wophunzira m'wodi, ndipo waona dokotala wamkulu akupita kwa wodwala wina osasamba m'manja. Kapena mnzako wapamtima wakupempha kuti umusainire kuti anabwera m'kalasi pamene sanabwere. Kenako amakufunsa ngati zochita zakutizakuti zili zoyenera, kapena ngati mfundo yakutiyakuti ili yofunika kuiganizira.

Ife tinaleredwa kuti wamkulu salakwa, ndipo mwana sadzudzula munthu wamkulu. Koma malangizo a madokotala amaika chitetezo cha wodwala patsogolo pa udindo wa aliyense. Kukhala chete n'kosayenera. Kumuchititsa manyazi pamaso pa wodwala n'kosayeneranso. Choyenera n'kumuuza mwaulemu, mwamsanga, ndipo ngati n'kotheka pambali. Nditaganizira bwino ndinaona kuti zimenezi si zachilendo kwenikweni. Kwathunso munthu amamutengera mkulu pambali n'kumunong'oneza. Kusiyana kwake n'kwakuti pano sungasankhe kungoyang'ana kumbali. Za kusainira mnzako, yankho n'lodziwikiratu: bodza ndi bodza, ngakhale laling'ono, ngakhale lothandiza mnzako.

Mayi anga anandithandiza kwambiri pa gawoli. Ndinkawawerengera nkhanizi akudya asanapite ku ntchito, iwo n'kundiuza mmene zimakhalira m'wodi, popanda kutchula wodwala aliyense.

Zimene banja lingachite

M'nyumba zambiri za Amalawi kuno, tchuthi cha chilimwe ndi nthawi imene mwana wamkulu, makamaka wamkazi, amasenza nyumba: kuphika, kuchapa, kuyang'anira ana pamene kholo likugona litachokera ku shifiti ya usiku. UCAT imagwera m'nthawi yomweyo. Ife tinakhala pansi n'kugwirizana. Kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko m'mawa ndinkakhala ku laibulale, ndipo palibe ankandituma. Mchimwene wanga wamng'ono anaphunzira kutsuka mbale ndi kuphika mpunga. Anadandaula, koma anaphunzira. Nsima yamadzulo inali yanga monga mwa nthawi zonse.

Chinanso chimene amayi anachita n'kunditchinga ku chiyembekezo cha abale. Amalume ku Lilongwe anali atayamba kale kundiitana kuti "adokotala athu" pa foni. Amanena mwachikondi, koma mawu amenewa amalemera ukamalowa m'chipinda cha mayeso. Amayi anawauza kuti, "Achimwene, musiyeni mwanayu alembe kaye." Tsiku la mayeso tinkalidziwa anthu atatu okha.

Zotsatira ndi kusankha sukulu

Ubwino wa UCAT ndi wakuti zotsatira umazilandira tsiku lomwelo, potuluka. Pamenepo m'pamene ntchito ina imayambira. Mafomu a udokotala amatumizidwa kudzera ku UCAS pofika pa 15 October, ndipo pa malo 5 amene uli nawo, 4 okha ndi amene ungalembe udokotala. Chapakati pa September bungwe la mayesowa limatulutsa ziwerengero zosonyeza mmene ena akhozera, ndiye umadziwa pamene waima.

Yunivesite iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Ina imangondandalika anthu potengera UCAT n'kuitana apamwamba. Ina imaphatikiza UCAT ndi zotsatira za GCSE. Ina siilandira amene ali mu Band 4. Zonsezi zimalembedwa pa mawebusaiti awo, ndipo zimasintha chaka ndi chaka. Ine ndinatuluka ndi Band 2 ndi malikisi abwino koma osafika pamwamba penipeni, pamene GCSE yanga inali yamphamvu. Choncho ndinasiya sukulu zotchuka zimene zimayang'ana UCAT yokha, n'kusankha zimene zimawerengera zonse ziwiri. Ziwiri mwa izo zinandiitana ku intavyu. Kumeneko ndi nkhani inanso, ndipo A-level nayo ikudikira, chifukwa sukulu zambiri zimafuna ma A atatu.

Kwa amene muli kumudzi kapena mwangobwera kumene

Ophunzira akunja amaloledwa kulemba UCAT, koma funsani kaye za fizi musanalipire kalikonse. Ku England wophunzira wowerengedwa ngati wakonkuno ankalipira mapaundi 9,535 pa chaka mu 2025, pamene wakunja wa udokotala amalipira mapaundi masauzande makumimakumi, ndipo malo awo ndi ochepa. Kawirikawiri kuti uwerengedwe ngati wakonkuno uyenera kukhala ndi chilolezo chokhazikika ndiponso kuti wakhala m'dzikoli zaka zitatu. Mabanja amene anabwera posachedwa pa viza ya ntchito aione nkhaniyi msanga, mwana asanafike chaka cholembera. Ku Malawi njira ndi ina: udokotala umaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 itatenga College of Medicine ya ku Blantyre ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo kwa ochokera ku sekondale chachikulu ndi zotsatira za MSCE.

Ngati muli m'chaka choyamba cha A-level, kulembetsa kumatsegulidwa mu May, ndipo kusankha tsiku mu June. Masiku abwino ndi malo apafupi zimatha msanga. Loweruka likubwerali pitani ku laibulale, tsegulani webusaiti ya UCAT pa kompyuta, yesani ndime imodzi ndi wotchi ya mphindi 2. Mukabwerako mukambirane ndi makolo anu za maola amene mudzafunika mu July ndi August, ndi amene adzagwire ntchito zanu zapakhomo pa maola amenewo.